Musanapereke chikole cha kamphakako, kaoneni kaye mayi wake

Achemwali, ndawerenga funso lanu kawiri, ndipo ndilibwereze mwachidule kuti amene alowa mochedwa adziwe pamene tili. Mwanena kuti mwapeza pa intaneti mayi wina wa kufupi ndi Leicester amene amaweta amphaka ochepa pakhomo pake, kuti ali ndi kamphaka ka mtundu wa Persian ka ubweya wautali kamene kakwanitsa milungu 8, ndipo akufuna chikole cha £150 lero lomwe chifukwa akuti anthu ena akukalimbirananso. Mukufunsa ngati mupereke ndalamayo, komanso ngati mphaka wotere angasamalidwe ndi munthu wogwira ntchito ya mashifiti. Ine ndili ndi amphaka awiri a mtundu umenewu, ndipo onse ndinawatenga kwa anthu oweta pang'ono pakhomo, koma wina ndinamutenga mopupuluma pamene winayo ndinamutenga nditaphunzira kale.

Yankho langa ndi lakuti musatumize ngakhale paundi imodzi musanafike panyumbapo n'kuona kamphakako kali pamodzi ndi mayi wake. Kuweta pang'ono pakhomo sikulakwa ayi, ndipo amphaka abwino kwambiri amachokera m'makomo oterewa, mmene tiana timakulira pakati pa anthu, kumva phokoso la makina ochapira ndi la ana osewera. Vuto ndi lakuti aliyense wogulitsa pa intaneti amadzitcha woweta wamng'ono wokonda amphaka ake, kuphatikizapo amene amasunga amphaka aakazi m'zikwere kuseri kwa nyumba n'kumawabereketsa mosapuma, komanso akuba amene alibe mphaka n'komwe, amangotola zithunzi kwa ena n'kumasonkhanitsa zikole. Chithunzi sichingakusiyanitsireni anthu atatuwa. Mawu akuti ena akukafunanso ndiye perekani lero ndi amene amandichititsa mantha kuposa china chilichonse m'funso lanu, pakuti woweta amene amasamaladi amphaka ake amakhala ndi mafunso ambiri okufunsani inuyo kuposa amene mungamufunse, ndipo safulumira kulandira ndalama ya munthu amene sakumudziwa.

Lamulo la kuno ku England lili kumbali yanu pa nkhani imeneyi. Kuyambira pa 6 April 2020, lamulo lotchedwa Lucy's Law linaletsa kuti anthu ochita malonda azigulitsa tiagalu kapena tiamphaka tosakwana miyezi 6 timene sanatiwete okha, kutanthauza kuti muyenera kugula kwa mwini wake weniweni amene anabereketsa, kapena kukatenga kumalo osungirako ziweto zosowa pokhala. Munthu amene akukuuzani kuti mukumane pamalo oimikapo magalimoto, kapena kuti abweretsa yekha kamphakako pakhomo panu kuti musavutike ndi ulendo, akukubisirani chinachake. Akakuuzani kuti mayi wake ali kwa dokotala wa ziweto kapena wapita kwa mnzawo, auzeni kuti mudikira tsiku limene adzabwere.

Pa msinkhu wa milungu 8 ndili ndi mawu ochuluka. Lamulo limalola kugulitsa kamphaka kakafika msinkhu umenewu, koma bungwe la GCCF, limene lakhala likulemba m'kaundula amphaka a mitundu yodziwika kuno ku Britain kuyambira 1910, limalangiza oweta ake kuti asatulutse kamphaka kasanakwane milungu 13. Chifukwa chake ndi katemera. Jakisoni woyamba amabayidwa kamphaka kali ndi milungu pafupifupi 9, wachiwiri patapita milungu 3 kapena 4, ndipo pamafunika kuti papite masiku 7 chibayireni wachiwiriyo kasanasamuke. Katemerayu amateteza ku chimfine cha amphaka ndi ku matenda a m'matumbo otchedwa panleukopenia, amene amapha tiana msanga kwambiri. Kuwonjezera apo, m'milungu yotsalayo kamphaka kamaphunzira kwa mayi wake ndi abale ake kuti kuluma kumapweteka, kuti zikhadabo zimabwezedwa posewera, komanso mmene angadzinyambitire kuti akhale waukhondo. Woweta amene akufuna kukatulutsa pa milungu 8 nthawi zambiri akuthawa mtengo wa katemera ndi chakudya cha mwezi wina wathunthu, ndipo mtengowo ugwera inu.

Wanga woyamba ndinamutenga ali ndi milungu 8 yomweyo, nditangoona chithunzi cha nkhope yake yozungulira n'kusungunuka mtima. Ndinafika panyumbapo madzulo, mwini wake anandilandirira pakhomo, kamphaka kali kale m'katoni, ndipo ine chifukwa cha ulemu wathu uja wosafuna kuoneka ngati tikukayikira munthu m'nyumba mwake, sindinapemphe kulowa. Patatha sabata ndinaona kadazi kakang'ono kuseri kwa khutu lake, kokhala ndi mfundu ngati gaga. Sabata yotsatira mwana wanga wamkazi anatuluka chizungulire chofiira pamkono, ndipo ndinachizindikira nthawi yomweyo chifukwa tonsefe tinachionapo pamitu ya anzathu kupulayimale: chinali chipere. Dokotala wa ziweto anazimitsa magetsi, kuunikira ubweyawo ndi nyali yake yapadera, ndipo malo ena anawala mobiriwira. Anandiuza kuti amphaka a Persian amagwidwa chipere mosavuta, kuti ubweya wautaliwo umachibisa, ndiponso kuti chimafala kwambiri m'nyumba zimene amphaka athithikana. Tinatha milungu yoposa 6 tikumumwetsa mankhwala, kumusambitsa kawiri pa sabata, kuchapa zofunda zonse m'madzi otentha ndi kumutsekera m'chipinda chimodzi, pamene woweta uja anali atasiya kuyankha foni. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya ndithu.

Komabe chipere chimachizika. Chimene muyenera kufunsa molimba mtima ndi matenda a impso otchedwa PKD, amene ndi akumtundu pakati pa amphaka a Persian ndi achibale awo. Kamphaka kamabadwa ndi timatumba ta madzi m'impso, timene timakula pang'onopang'ono kwa zaka zambiri mphakayo akuoneka wathanzi, mpaka impso zitayamba kulephera iye ali wamkulu kale ndipo mwamuzolowera ngati mwana wa m'nyumba. Palibe mankhwala ochotsa timatumbato. Kholo limodzi lokha likakhala ndi vutoli, mwana aliyense amakhala ndi mwayi wa theka woti alitengere, ndipo kale, kuyeza kusanafale, pafupifupi mphaka mmodzi mwa atatu alionse a mtundu umenewu ankapezeka nalo. Kuyambira 2004 chibadwa chimene chimayambitsa matendawa chinadziwika, moti masiku ano amangopukuta m'kamwa mwa mphaka ndi kathonje n'kutumiza kumalo oyezera, monga ku Langford Vets kufupi ndi Bristol. Choncho woweta wa Persian alibe chifukwa chomveka chokhalira wopanda pepala losonyeza kuti mayi ndi bambo onse awiri anayezedwa ndipo alibe. Mawu apakamwa akuti amphaka anga sanadwalepo asakukhutiritseni, mupemphe pepala lenilenilo ndipo muone ngati dzina kapena nambala ili pamenepo ikugwirizana ndi mphaka amene mwamuona. Kwa ena m'gulu muno amene mukuganiza za Maine Coon kapena Ragdoll, funso lanu lofanana ndi limeneli ndi la matenda a mtima otchedwa HCM.

Mukafika, yang'anani nkhope ya mayiyo nthawi yaitali kuposa ya mwana. Amphaka a Persian amene anaonetsedwa pachionetsero cha ku Crystal Palace ku London mu 1871 anali ndi mphuno ngati amphaka ena onse, ndipo nkhope yophwatalala imene timaiona lero inabwera pambuyo pake chifukwa oweta ankasankha dala amphaka a mphuno yaifupi. Mphuno ikalowa mkati kwambiri, mpaka kufika pakati pa maso, mphaka amapuma movutikira, misozi imangotsika chifukwa njira zake zinapindika, ndipo mano amathithikana m'kamwa. Mvetserani ngati mayiyo akupuma mwakachetechete atagona, ndipo onani ngati m'munsi mwa maso muli mizere yakuda ya manthongo. Ine ndingasankhe kamphaka ka mphuno yooneka bwino ngakhale ochita mipikisano atanena kuti si kokongola mokwanira.

Nditapita kukatenga wachiwiri, zaka ziwiri zapitazo, zinthu zinali zina. Mayi wowetayo anandikhazika m'chipinda chochezera, mphaka wamkulu anali gone m'dengu pafupi ndi hita, tiana tinayi tikumukwera pamsana, ndipo ndisanafunse kanthu iwo anali atatulutsa kale fayilo ya pulasitiki yokhala ndi mapepala a PKD, khadi la katemera losainidwa ndi dokotala, masiku amene anapereka mankhwala a njoka za m'mimba ndi a utitiri, komanso mndandanda wa makolo. Anandifunsa ngati nyumba ndi yanga kapena ya lendi, ngati mwini nyumba wavomera, ndiponso amene adzatsale ndi mphaka ndikadzapita ku Malawi patchuthi. Anandiuzanso kuti kamphakako analembetsa ku GCCF m'gulu la amphaka osayenera kubereketsa, ndipo tinasainirana kuti ndidzakatseketsa kakadzakwana miyezi 4 kapena 5, komanso kuti ndikadzalephera kukasunga ndidzabweza kwa iwo. Chikole ndinapereka tsiku limenelo, ndinalandira lisiti, ndipo ndinadikira milungu ina itatu.

Tsopano za ubweya, pamene pagona funso lanu lachiwiri. Ambirife tinakula tikudziwa mphaka wa kumudzi amene amadzisamalira yekha, amagwira makoswe kunkhokwe n'kulandira mitu ya usipa madzulo. Persian sangathe kudzisamalira chotero, chifukwa ubweya wake wam'kati ndi wofewa ngati thonje ndipo lilime lake silifika pakhungu. Amafuna kupesedwa tsiku lililonse, kwa mphindi 5 kapena 10, ndi chipeso chachitsulo cha mano otalikirana, chifukwa burashi imangosalaza pamwamba pamene pansi pakumangana. Malo amene mfundo zimayambira ndi m'khwapa, kuseri kwa makutu, pamimba ndi kumbuyo kwa ntchafu. Ndikadumpha masiku atatu okha, chala chikalowa m'khwapa mwa wamkuluyo chimakumana ndi kamfundo kolimba ngati njere ya nyemba, ndipo mfundo yotere ikasiyidwa imakula n'kukhala chimfundo chachikulu chimene chimakoka khungu mphaka akamayenda, mpaka pansi pake pamatuluka zilonda. Musadule ndi sizasi, pakuti khungu la mphaka ndi lopyapyala ndipo limakwera m'kati mwa mfundoyo. Zikafika poipa amametedwa kwa dokotala atamugonetsa ndi mankhwala, ndipo ndi ndalama zambiri. Pakafukufuku wa amphaka a Persian a kuno amene a Royal Veterinary College, sukulu yophunzitsa madokotala a ziweto, anafalitsa mu 2019, anapeza kuti vuto limene limawafikitsa kuchipatala kuposa ena onse ndi la ubweya lomweli, kuti ambiri amakhala zaka pafupifupi 13 ndi theka, ndipo kuti chimene chimawapha kwambiri ndi impso. Muwerengere nokha kupesa kwa tsiku ndi tsiku kwa zaka 13, pamodzi ndi kupukuta m'maso m'mawa uliwonse ndi kumeta pang'ono pansi pa mchira kuti chimbudzi chisamakanirire. Funsani woweta ngati wayamba kale kuzoloweza tianato chipeso, ndipo mumupemphe apese kamodzi inu mukuona.

Mashifiti a maola 12 sagwirizana ndi kamphaka kakang'ono ngati m'nyumbamo mulibe munthu wina, chifukwa pa msinkhu umenewu kamadya kanayi pa tsiku ndipo kakasungulumwa kamayamba makhalidwe ovuta kuwachotsa. Ngati alamu athu kapena ana amakhalapo masana, palibe vuto, koma ngati mumakhala nokha ndingakulangizeni kuti mufunse ku Cats Protection kapena ku RSPCA, mabungwe osunga ziweto zosowa pokhala, kumene amphaka aakulu a ubweya wautali amapezeka kawirikawiri, ena a iwo atasiyidwa ndi anthu amene anatopa ndi chipeso chomwechi. Mphaka wamkulu amapirira kukhala yekha masana, ndipo khalidwe lake limakhala lodziwika kale.

Zotsalazi ndingozitchula mwachangu. Kuyambira pa 10 June 2024, mphaka aliyense kuno ku England ayenera kuikidwa microchip, kachipangizo kolowetsa pansi pa khungu kokhala ndi nambala yomuzindikiritsa, asanakwane milungu 20, ndipo wosatsatira akhoza kulipitsidwa mpaka £500, choncho funsani ngati yaikidwa kale kuti musinthe dzina likhale lanu. Inshuwalansi muidule tsiku lomwe mukutenga kamphakako, chifukwa matenda amene apezeka kale makampani sawalipira. Musakapatse mkaka wa ng'ombe, umatsegula m'mimba, kapena zotsala za ndiwo zathu zimene timathira anyezi ndi adyo, chifukwa zimawononga magazi a mphaka. Paracetamol amapha mphaka, mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi permethrin amaphanso, ndipo maluwa a lily amene timapatsana pa zikondwerero amawononga impso ngakhale mphaka atangonyambita ufa wake wogwera paubweya.

Usiku uno alembereni mayiwo mwaulemu kuti mukufuna kubwera Loweruka kudzaona kamphakako kali ndi mayi wake, kuti mukufuna kuona mapepala a PKD a makolo onse awiri, ndipo muli okonzeka kupereka chikole pamenepo n'kudikira mpaka katemera wachiwiri atatha. Akayankha mokondwa, pitani ndi munthu wina amene sanakopeke ndi chithunzicho, kuti iye azikayang'ana m'makutu, pansi pa mchira ndi m'mbale zodyera pamene inu mukukanyamula. Akayamba kuzungulira kapena kuonjezera changu, asiyeni, ndipo mundilembere pambali ndikuonetseni mmene mungafufuzire mndandanda wa oweta patsamba la GCCF. Ndili ndi chipeso chachitsulo chapadera chimene sindikuchigwiritsa ntchito, mudzatenge tikadzakumana kutchalitchi.