Kodi Uthenga Wabwino unalembedwa ngati mbiri yeniyeni?

FUNSO: Pa phunziro la Baibulo kumpingo kwathu tinatsutsana. Yohane 2 akuti Yesu anathamangitsa amalonda m'kachisi atangoyamba ntchito yake, pomwe Marko 11 akuziika m'sabata ya imfa yake. Wina anati ndiye kuti zonse ndi nthano. Kodi Akhristu oyamba ankaziona bwanji? Mayi wa ku Kapata, Chipata

YANKHO: Mayi, nthano ayi. Wokamba nthano amayamba ndi "padangotero", satchula chaka. Koma Luka 3:1 akutchula chaka cha 15 cha ufumu wa Tiberiyo, Pilato akulamulira Yudeya, ndipo pa 1:1-4 akuti anafufuza zochokera kwa amene anaona ndi maso. Paulo pa 1 Akorinto 15:14 akuti ngati Khristu sanauke, chikhulupiriro n'chachabe. Ankafuna kuti owerenga azilandire ngati zochitika.

Chimene Akhristu oyamba sankalimbana nacho kwambiri ndi kusanja masiku motsatana. Papias, bishopu wa ku Hierapolis chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 100, anati Marko analemba molondola zomwe anamva kwa Petro, koma osati motsata ndondomeko yake, ndipo sanamuimbe nazo mlandu.

Pa nkhani yanu ya kachisi, akale omwewo anasiyana maganizo. Origen, mphunzitsi wachikhristu wa ku Alexandria m'zaka za m'ma 200, anati Yohane ndi anzake sangagwirizanitsidwe pongotsata zilembo, tanthauzo lake lili ku uzimu. Anatinso kulibe phiri lomwe munthu angaonerepo maufumu onse, monga pa Mateyu 4:8. Komatu yemweyo anaumirira kuti ndime zonena zochitikadi ndi zimene zachuluka kwambiri. Augustine, bishopu wa ku Hippo cha m'ma 400, anati Yesu anathamangitsa amalonda m'kachisi kawiri. Ife tikuona kuti mawu a Papias ndi amene akuthandiza kwambiri pano.

Yesani izi pagulu lanu. Dulani mzere pakati pa pepala, uku mulembe Mateyu 4:1-11, uku Luka 4:1-13. Mupeza mayesero atatu omwewo a Yesu, koma lachiwiri ndi lachitatu asinthana malo. Ambiri saziona chifukwa amasakaniza mabuku anayi a Uthenga Wabwino pamtima n'kukhala nkhani imodzi, ndiye tsiku lomwe aona kusiyana amadzidzimuka.

Sitikubisirani, pali zina zovuta kuposa apa. Mateyu 2 akuti Yesu anabadwa m'masiku a mfumu Herode, yemwe anamwalira cha m'ma 4 BC, pomwe Luka 2:2 akugwirizanitsa kubadwako ndi kalembera wa Kureniyo, bwanamkubwa wa Siriya, koma kalembera wake wodziwika m'mbiri anachitika mu AD 6. Pa Luka 2:2 akatswiri akutsutsanabe.