Muiyese kaye hard drive musanalipire

Mwafunsa ngati hard drive ya 1TB yogwiritsidwapo kale ntchito n'kukonzedwanso ndi yodalirika. Ingakutumikireni bwino, koma muiyese kaye. Ilumikizeni ku kompyuta, mutsegule CrystalDiskInfo, pulogalamu yoonetsa thanzi la hard drive. Pa gawo lolembedwa Raw Values yang'anani Reallocated Sectors Count ndi Current Pending Sector Count, manambala owerenga tizigawo towonongeka ndi tokayikitsa. Zikapitirira 0, mbale zamkati zosungira deta zayamba kuwonongeka, isiyeni. Power On Hours, nambala ya maola amene yakhala ikuyaka, musaidalire kwambiri, chifukwa okonza ena amaibwezera pa 0.

Ikamalira "kete kete", yesani chingwe china, mwina magetsi sakukwanira. Ikapitirizabe, mwina singano yowerengera deta yawonongeka.

Windows ikaonetsa 931GB musadandaule, 1TB imaoneka choncho. Mukafika kunyumba idzazeni ndi H2testw, pulogalamu yoyesera kukula kwenikweni kwa drive, waranti isanathe. Zimatenga maola angapo, koma zimaulula ngati kukula kwake n'kwabodza.