Lateef Jakande, gavanala wa ku Lagos amene anamanga sukulu kenako n'kukalowa m'boma la Abacha

Mayi wina amene amaphunzitsa kupulayimale wandilembera imelo. Akuti amamva anthu akukangana pa wailesi zoti dziko ligawidwe m'zigawo zodzilamulira zokha, ndiye akufunsa kuti kumayiko komwe kuli magavanala a zigawo, munthu ameneyu amagwira ntchito yanji, ndipo alipo amene anasinthadi moyo wa anthu wamba, kapena ndi mpando wongodyerapo basi?

Mayi, choyamba muchotse m'maganizo gavanala wa chipani amene tinamuzolowera kwathu kuno, uja woyankhula pamsonkhano bwana asanaimirire. Musamufananizenso ndi DC, chifukwa DC amachita kutumizidwa ndi boma. Ku Nigeria gavanala amasankhidwa ndi anthu a m'chigawo chake, amakhala ndi nduna zake, nyumba ya malamulo ya chigawocho ndi bajeti yakeyake. Pulezidenti sangangomuchotsa chifukwa asemphana mawu. Lero kumeneko kuli zigawo 36, koma mu 1979 zinali 19, ndipo pa magavanala a chaka chimenecho amene ndikufuna mumudziwe ndi Lateef Jakande wa ku Lagos.

Jakande anabadwira ku Lagos komweko mu 1929. Anayamba ngati mtolankhani, ndipo mu 1953 analowa ku nyuzipepala ya Nigerian Tribune, ya Obafemi Awolowo, mkulu wa ndale wa mtundu wa Ayoruba. Pofika 1956 anali mkonzi wamkulu. Ubale wake ndi Awolowo unamulowetsa m'ndende mu 1963, pamene onse awiri anaweruzidwa pa mlandu wofuna kugwetsa boma, ndipo anatuluka mu 1966. Asilikali amene ankalamulira dzikolo atabweza boma kwa anthu wamba, Jakande anaima pa tikiti ya chipani cha Awolowo, Unity Party of Nigeria, n'kupambana. Analumbira pa 1 Okutobala 1979. Nthawi imeneyo Lagos ndiye linali likulu la dziko, ndipo Pulezidenti Shehu Shagari anali wa chipani china. Choncho mzinda womwe pulezidenti ankagonamo unkayendetsedwa ndi munthu wotsutsa boma.

Chipani chake chinalonjeza maphunziro aulere, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudzani inu. Sukulu za ku Lagos zinali zitadzaza moti ana ankaphunzira mosinthana, ena m'mawa, ena masana, m'makalasi omwewo. Mwana wa masana ankalowa m'kalasi dzuwa lili paliwombo, atatopa kale ndi kugulitsa malonda kumsika. Jakande anati zimenezi zithe, mwana aliyense aziphunzira m'mawa. Kuti zitheke panafunika makalasi ambirimbiri nthawi imodzi, ndiye anamanga otchipa: midadada yaitali ya njerwa za simenti, denga la malata, mipata yolowera mphepo m'malo mwa mawindo agalasi. Omutsutsa ankaseka kuti wamanga makola a nkhuku. Makalasiwo sanali okongola, zimenezo n'zoona, ndipo ena anatha msanga. Koma kusinthana kuja kunathadi, ndipo ana amene akanakhala pakhomo chifukwa cha fizi analowa sukulu.

Inu mukudziwa bwino zomwe zinachitika kwathu kuno mu 1994, maphunziro a pulayimale atakhala aulere: ana anakhamukira kusukulu, makalasi n'kuchepa, ambiri n'kumaphunzirira pansi pa mitengo. Kulengeza kuti fizi yatha ndi ntchito ya tsiku limodzi. Jakande anaona kuti lonjezolo limafuna denga ndi bolodi, ndipo anasankha kumanga zambiri zotchipa m'malo momanga zochepa zokongola. Ine ndimaona kuti anasankha bwino. Pomwe sindigwirizana naye ndi pa sukulu zomwe si zaboma. Anafuna kuti sukulu za pulayimale zoyendetsedwa ndi anthu kapena mipingo zithe, ana onse azipita ku zaboma. Arkibishopu wa Katolika ku Lagos, Anthony Okogie, anamutengera kukhoti, ndipo khoti linati anthu ali ndi ufulu wokhala ndi sukulu zawo. Pamenepo gavanala anapyola malire.

Nyumba nazo anamanga zikwizikwi, za anthu opeza pang'ono, m'madera monga Amuwo-Odofin, Iponri, Oke-Afa ndi Abesan. Mpaka pano anthu a ku Lagos amangoti "ndimakhala ku Jakande", ndipo wa minibasi amadziwa kowatsitsa. Anasamutsira maofesi a boma la chigawo ku Alausa, ku Ikeja, komwe ali mpaka lero, ndipo mu 1983 anakhazikitsa Lagos State University.

Chimene achikulire a kumeneko amakonda kukamba kwambiri ndi khalidwe lake. Anakana kusamukira kunyumba yaboma, anapitiriza kukhala m'nyumba yake ku Ilupeju. Ankayendera galimoto yake yomwe, Toyota Crown. Nthawi yonse ya ugavanala sanapiteko kunja kwa dziko. Anthu ankamutcha Baba Kekere, kutanthauza "bambo wamng'ono", pomuona ngati wotsatira wa Awolowo.

Anapambananso chisankho cha 1983, koma pa 31 Disembala chaka chomwecho asilikali analanda boma ndipo Muhammadu Buhari anakhala mtsogoleri. Jakande anatsekeredwa pamodzi ndi andale ena ambiri. Zonse ndakuuzanizi anazichita m'zaka zinayi ndi miyezi itatu. Ntchito yaikulu imene anaisiya m'njira inali njanji ya sitima ya mumzinda, yomwe anaiyamba mu 1983 pofuna kuchepetsa mpanipani wa magalimoto. Boma la asilikali linaithetsa mu 1985. Lagos inadzayamba kunyamula anthu pa sitima yamtunduwu, ya Blue Line, mu 2023, patapita zaka 40 chiyambireni Jakande ntchito ija.

Nkhani yake ikanathera pamenepa bwenzi ili yokoma, koma ili ndi mbali ina yowawa. Pa 12 Juni 1993 kunali chisankho cha pulezidenti chomwe Moshood Abiola, Myoruba mnzake, ankaoneka kuti wapambana. Asilikali anachifafaniza. Mu Novembala chaka chomwecho Sani Abacha, mkulu wa asilikali, anatenga boma, ndipo Jakande anavomera kukhala nduna yake yoona za ntchito zaboma ndi nyumba. Iye ankadziteteza kuti analowa mogwirizana ndi a mbali ya Abiola, poganiza kuti Abacha abweza chisankho chija. Mwina poyamba zinalidi choncho. Koma mu 1994 Abacha anamanga Abiola, omenyera demokalase anapempha nduna za mbali yawo kuti zitule pansi udindo, ndipo Jakande sanatule. Anakhalabe mpaka 1995. Abiola anafera m'manja mwa boma mu 1998.

Anzake akale a m'gulu la Awolowo sanamukhululukire. Munthu amene anagona m'ndende limodzi ndi Awolowo anayamba kusalidwa ndi ana a ndale a Awolowo yemweyo, ndipo demokalase itabwerera mu 1999 iye analibenso mawu m'ndale za Lagos. Ena amati ankafuna kungomanga nyumba, sankasamala kuti walamula ndani. Ine chifukwa chimenecho sichindikhutiritsa, poti anali mtolankhani wodziwa bwino lomwe kuti boma la mfuti limatani ndi anthu oyankhula.

Pa mkangano wa pa wailesi uja, Mayi, musaiwale kuti Lagos inali ndi doko, mafakitale ndi anthu ambiri okhoma msonkho, ndipo Nigeria inali ndi ndalama za mafuta zogawira zigawo. Gavanala wa chigawo chosauka sakanamanga zonsezi ngakhale akanafuna. Komanso magavanala ena a ku Nigeria, okhala ndi mphamvu zomwezi, anathera kundende chifukwa chakuba, monga James Ibori wa ku Delta amene khoti la ku London linamugamula mu 2012. Jakande anamwalira pa 11 Febuluwale 2021 ali ndi zaka 91.