Kodi anapiye a budgie angaleredwe ndi thadzi lina?

FUNSO: Akonzi, ndimaweta mbalame za budgie m'makola awiri, ndipo m'khola lililonse muli yaimuna ndi yaikazi. Thadzi lobiriwira linaikira mazira 6 n'kuswa onse, koma anapiye awiri omalizira sakukula, akupondedwa ndi akuluakulu awo, ndipo m'mawa ndimawapeza alibe kanthu m'chithokomiro. Wamkulu ali ndi masiku 12, pamene wotsiriza ali ndi masiku awiri. Thadzi labuluu linaikira mazira 4 koma laswa limodzi lokha masiku anayi apitawa. Ndikufuna kusamutsira ang'onoang'onowo kwa labuluu, koma mnzanga akuti mwanapiye akagwidwa ndi dzanja la munthu make amamukana. Kodi nditani? Ndine mayi wa ku Zomba.

YANKHO: Mayi, asamutseni lero lomwe, chifukwa mwanapiye wa masiku awiri sapirira njala nthawi yaitali. Mantha a mnzanuyo ndi ofala koma alibe maziko: budgie sataya mwana chifukwa cha fungo la dzanja, ndipo sawerenga anapiye amene ali m'chisa mwake. Chimene chimathawitsa thadzi ndi kulidzidzimutsa kapena kutsegula bokosi lake loikiramo mazira kambirimbiri pa tsiku. Kuleretsa kotere si kwachilendo kwa ife, popeza kumudzi timaika mazira a nkhanga pansi pa nkhuku, ndipo nkhukuyo imayenda ndi tiana ta nkhangato ngati take.

Thadzi lanu lobiriwira silinalakwe kanthu. Budgie amaikira dzira limodzi, n'kudumpha tsiku, n'kuikiranso lina, ndipo amayamba kufungatira asanamalize kuikira, kawirikawiri kuyambira pa dzira loyamba kapena lachiwiri. Dzira lililonse limatenga masiku pafupifupi 18, choncho anapiye amatuluka motsatizana monga momwe mazira anabwerera, ndipo pa mazira 6 woyamba amasiyana ndi wotsiriza ndi masiku ngati 10. Wa masiku 12 amakhala atatsegula maso, nthenga zikuyamba kusomphoka, ndipo amalira mokweza, pamene wa masiku awiri ndi kanthu kofiira kosaona kamene make amakadyetsa katagona chagada. Amafunanso chakudya chosiyana, chifukwa wakhanda amamwetsedwa timadzi tokhathamira timene make amabzikula, timene oweta amatitcha mkaka ngakhale si mkaka weniweni, pomwe wamkulu amalandira njere zofewetsedwa. Anapiye akachuluka, make amatanganidwa ndi olira kwambiri, ndipo wakhandayo amatsalira pansi pa mulu.

Apa ndi pamene pali mwayi wanu, ndipo ndi mfundo imene ndikufuna kuti muigwire kuposa zina zonse: kuleretsa kumayenda bwino pamene misinkhu ikufanana. Thadzi labuluu lili ndi mwana wa masiku anayi, kutanthauza kuti likadali pa nthawi yodyetsa akhanda, ndipo anapiye anu awiri a masiku awiri ndi anayi adzalowa m'chisamo ngati obadwira momwemo. Mukanati mulipatse wa masiku 12 uja, iye akanapondereza mwini chisa, ndipo mukanangosamutsa vutolo kuchoka ku bokosi lina kupita ku lina. Mwanapiye amene wamera kale nthenga ndiye woopsa kwambiri kumusamutsa, popeza thadzi likhoza kumuona ngati mlendo wolanda chisa n'kumujompha m'mutu mpaka kumupha.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Dikirani thadzi labuluu lituluke kukadya, sambani m'manja ndipo mufunditse manjawo, kenako nyamulani anapiyewo mofulumira kuti asazizidwe, n'kuwaika pafupi ndi mnzawoyo. Ndi bwino kuchita zimenezi m'mawa kuti mukhale ndi tsiku lonse loyang'anira. Pakatha maola awiri kapena atatu suzumirani, ndipo ngati pansi pa khosi pakuoneka kathumba koyererako kotukumuka, dziwani kuti alandiridwa. Ngati pofika masana m'chithokomiro mulibe kanthu, kapena muona bala, achotseni msanga muwabwezere kwa make, ndipo muzichotsako akuluakulu awiri kwa kanthawi kochepa, mutawasunga pofunda, kuti make apeze mpata wodyetsa ang'onowo.

Mazira atatu otsala aja musafulumire kuwataya. Popeza anaikiridwa motsatizana, mwina lina silinakwane masiku ake. Aunikeni ndi tochi ya foni pamalo a mdima: dzira lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira likafungatiridwa kwa masiku 5 mpaka 7, ndipo likayandikira kuswa limaoneka lakuda mkati, pamene lopanda kanthu limawala lonse. Ngakhale atakhala opanda kanthu, siyanimo limodzi kapena awiri kwa sabata imodzi, chifukwa akhanda amatsamirapo, ndiponso amathandiza kuti thadzi lisawakhalire mwamphamvu mpaka timiyendo kutangadza. Pa chifukwa chomwechi pansi pa bokosi payenera kukhala pogoba ngati kambale, pothiridwa utuchi pang'ono wa mtengo wosapakidwa mankhwala.

Lembani m'kope tsiku limene mwasamutsa ndi khola limene anachokera, ndipo muike kachizindikiro pamsana pawo ndi utoto wogwiritsa ntchito pophika makeke, n'kumawonjezera ukayamba kufufutika. Izi zimaoneka ngati zochulutsa, koma pakatha chaka mudzafuna kudziwa amene ali pachibale kuti musadzakwatitse mlongo ndi mlongo wake. Kumbukiraninso kuti amene amasenza ntchito yaikulu ndi yaimuna, chifukwa ndiyo imadyetsa thadzi pakhomo pa bokosi, thadzilo n'kumadyetsa ana. Wonjezerani njere monga mawere ndi mchewere, masamba otsuka bwino, dzira lowiritsa lonyenyanyenya limene muzichotsa pakatha maola ochepa lisanawonongeke, ndi makoko a mazira owiritsa osinja. Mapeyala musayerekeze kuwapatsa, chifukwa ndi poizoni kwa mbalamezi.

Anapiye amatuluka m'bokosi ali ndi masiku 30 mpaka 35, ndipo amadya okha akafika pafupifupi masabata 6. Nthawi imeneyi muzisamala, popeza thadzi likafuna kuikiranso limayamba kuzula nthenga za ana kapena kuwaluma, kaya ndi ake kaya ndi oleredwa. Mukaona zimenezo chotsani thadzilo, yaimuna imalize kulera. Ine sindilola thadzi kulera koposa kawiri motsatizana, ndipo kulera ana a mnzake ndimakuwerengera ngati ulendo wathunthu. Mtsogolomu muziika mabokosi m'makola onse awiri tsiku limodzi, kuti mathadzi aziikira nthawi yofanana ndipo wolera azipezeka nthawi zonse.

FUNSO: Thadzi langa la budgie lafa litasiya mazira atatu amene linafungatira kwa sabata imodzi. Ndili ndi ma lovebird amene akufungatira. Kodi ndingawapatse mazirawa? Ndine bambo wa ku Kasungu.

YANKHO: Bambo, pepani ndi imfa ya thadzilo, koma sindikulimbikitsani kutero. Mbalame ziwirizi n'zosiyana mtundu ndiponso kochokera: budgie kwawo ndi ku Australia, ndipo anafika ku England m'chaka cha 1840 ndi katswiri wa mbalame John Gould, pamene ma lovebird ndi a kuno ku Africa, moti mtundu wina umapezeka m'nkhalango ya Liwonde. Mazira a lovebird amatenga masiku oposa 20, choncho anapiye a budgie adzatuluka pa nthawi yosiyana ndi eni chisa, ndipo mlomo wa lovebird ndi wamphamvu moti umatha kuthyola mwendo wa budgie wamkulu. Funani mnzanu woweta budgie amene thadzi lake linaikira sabata yomweyo, lembani kadontho pa dzira lililonse ndi pensulo yofewa, ndipo muwanyamule atakulungidwa mu thonje lofunda popanda kuwagwedeza. Musanatero fufuzani chimene chapha thadzilo, chifukwa ngati ndi matenda osati dzira lokakamira m'mimba, mazirawo akhoza kukalowetsa matendawo m'khola la mnzanuyo, ndipo ayenera kuuzidwa asanavomere.