Akufuna kuyala udzu wa pulasitiki pabwalo la m'bairro: mungakane bwanji mwalamulo?

Bambo, kalata yanu ndaiwerenga. Mwati khonsolo ya tauni yanu kuno ku Tete yapangana ndi kontrakitala kuti bwalo lomwe ana amamenyerapo mpira, amayi n'kumachitirapo misonkhano, aliyale udzu wa pulasitiki, alitchinge ndi waya, matimu azilowa polipira. Mukufunsa ngati anthu a m'bairro angakane.

Ndiyambe ndi chowawa. Mawu oti "bwaloli ndi lathu" paokha sakufikitsani patali. Ndime 109 ya Malamulo Aakulu a Mozambique imati nthaka yonse ndi ya boma. Lamulo la malo, Lei 19/97, limapereka DUAT, ufulu wogwiritsa ntchito malo, kwa mudzi umene wakhala pamalo mwa mwambo, kapena kwa nzika imene yagwiritsa ntchito malo mosaba kwa zaka 10, ndipo umboni wa pakamwa wa anthu a m'deralo umalandiridwa. Kumidzi ya ku Angónia kapena ku Tsangano chimenechi n'chida champhamvu. M'tauni, chimene chimalankhula kwambiri ndi pulani ya bairro. Ngati pulaniyo inalemba bwalolo kuti ndi malo a anthu onse, funso lanu lisakhale la udzu ayi, likhale ili: ndani waloleza kuti malo a anthu onse atsekedwe ndi geti, ndipo anatsata njira yanji?

Yankho lake lili m'mapepala, ndipo muli ndi ufulu wowaona. Lei 34/2014 imalamula ofesi ya boma kuyankha pempho la chidziwitso pasanathe masiku 21. Lembani requerimento, kalata ya pempho, kwa mkulu wa khonsolo, mupemphe pulani ya bairro, chigamulo cha Assembleia Municipal (nyumba ya oimira anthu a m'tauni), mgwirizano wa kontrakitala, chiphaso cha zachilengedwe ndi acta (zolembedwa) ya msonkhano umene akuti anakufunsani. Mupite ndi makope awiri, lanu alidinde n'kulembapo tsiku. Ambiri amagwa pomwepa: amakadandaula pakamwa kwa secretário wa bairro, miyezi n'kupita, pofika kukhoti alibe ngakhale kapepala.

Acta muiwerenge mofatsa. Zimachitika kuti pepala lomwe anthu anasaina posonyeza kuti anabwera limamatidwa kumbuyo ngati kuti anavomera. Amene anasaina afotokoze m'kalata zimene anauzidwa tsikulo.

Lamulo la zachilengedwe, Lei 20/97, limati pa ntchito yofunika chiphaso cha zachilengedwe, chiphasocho chituluke zilolezo zina zisanaperekedwe. Decreto 54/2015 imagawa ntchito m'magulu A+, A, B ndi C. M'magulu atatu oyambawo anthu ayenera kufunsidwa pa msonkhano wolengezedwa masiku 15 usanachitike. Gulu C silifuna zimenezo, ndipo bwalo limodzi laling'ono atha kuliponya m'menemo, choncho musamangire mlandu wonse pa mfundo imeneyi.

Pa zifukwa zokanira, sankhani zimene mungaloze ndi chala. Pansi pa udzuwo amathira miyala n'kuitsendera, ndiye mvula ya mu Januwale ikagwa, madzi amene kale ankalowa m'nthaka amafuna kolowera. Funsani kuti ngalande ikathira kuti, mujambule nyumba za kumunsi. Pulasitiki imatentha kuposa udzu weniweni, ndipo dzuwa la Okutobala m'chigwa cha Zambezi mukulidziwa. Pakati pa udzuwo nthawi zambiri amathira tizidutswa ta matayala, timene timakokoloka ndi madzi. Mu 2023 European Union inagamula kuti kuyambira 2031 tisagulitsidwenso kumeneko. Kapeti ya udzuyo imatha pakapita zaka 8 mpaka 10: adzagule ina ndani, yakaleyo akaitaye kuti? Nkhani imene mwatchula yoti udzuwu ungayambitse khansa, ine sindingaitsogoze. Mulibe umboni m'manja, ndipo loya wa mbali inayo adzakakamira pomwepo kuti zina zonse ziiwalike.

Mapepala akafika, lembani reclamação, kalata ya dandaulo, kwa amene anagamula, ndi pempho losainidwa ndi anthu a m'bairro kupita ku Assembleia Municipal, monga ndime 79 ya Malamulo Aakulu ikulolera. Provedor de Justiça, mkulu wolandira madandaulo a anthu pa maofesi a boma, mutha kumulembera, koma iye amangolangiza, saletsa thirakitala. Woletsa ndi Tribunal Administrativo ya chigawo, khoti loona zigamulo za maofesi a boma, mumzinda wa Tete. Lei 7/2014 imapereka masiku 90 otsutsira zigamulo zambiri zotere, ndiye musadikire yankho la khonsolo mpaka nthawi ithe. Werengani kuyambira tsiku limene chigamulocho chinalengezedwa kapena munadziwitsidwa. Mupemphenso khoti liimitse kaye chigamulocho mlandu uli mkati, chifukwa miyala ikathiridwa, kubweza nthaka n'kovuta. Ndime 81 ya Malamulo Aakulu imalola nzika kapena bungwe kusuma poteteza chilengedwe ndi katundu wa anthu onse, ndipo ndime 22 ya Lei 20/97 imalola kupempha kuti ntchito yoononga iime msanga. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku ofesi yothandiza osauka pa milandu, IPAJ, ya m'boma lanu.

Za anyamata amene mwati akufuna kukazula mitengo ya waya usiku, aletseni. Umenewo ndi mlandu woononga katundu, ndipo komiti yanu idzayamba kuoneka ngati ndiyo yolakwa. Kuyenda pamsewu ndi zikwangwani n'kololedwa: Lei 9/91 sifuna chilolezo, imangofuna kalata yodziwitsa akuluakulu a boma ndi apolisi kutatsala masiku anayi ogwira ntchito. Kalata imeneyonso aidinde, kope lanu musunge.