Musagule zitini zonsezo musanazinunkhize

Achimwene, mwafunsa kumene mungayambire kusonkhanitsa mafilimu afupiafupi akale a anthu othamangira golide, komanso ngati n'kwanzeru kugula zitini zonse za mafilimu zimene wogulitsa wina wakuonetsani pa intaneti. Ine ndikuti ndalamazo mudikire nazo kaye, muyambe mwaonera zimene zilipo kale kwaulere kuti maso azolowere.

Kanema anayamba cha m'ma 1895, pomwe anthu anakhamukira ku California kukafuna golide mu 1849 ndipo golide wa ku Witwatersrand, ku Joni, anapezeka mu 1886. Choncho filimu imene wogulitsa akuti ikuonetsa masiku amenewo ndi sewero lokonzedwa pambuyo pake, ngakhale itaoneka yakale motani. Ku Klondike, m'dziko la Canada, n'kumene makamera anapeza anthu akusefabe mchenga m'mitsinje, ndipo zimene kampani ya Edison inajambula kumeneko zili ku Library of Congress, laibulale yaikulu ya ku America. Muonerenso City of Gold ya 1957, yopangidwa ndi National Film Board of Canada kuchokera ku zithunzi zakale za ku Dawson City, tauni ya ku Klondike komweko. M'tauni yomweyo, mu 1978, anafukula mipukutu ya filimu 533 imene inakwiriridwa m'dziwe losambiramo lakale, ndipo inasungika chifukwa nthaka ya kumeneko imakhala youndana chaka chonse.

Pogula, sankhani za 16mm zokha (nambalayi ndi muyeso wa m'lifupi mwa filimu). Kampani ya Kodak inayambitsa mtundu umenewu mu 1923 ndipo sunapangidwe ndi nitrate, pulasitiki yosachedwa kugwira moto, pamene za 35mm zambiri za chisanafike chaka cha 1951 ndi za nitrate, yomwe ikagwira moto imayakabe ngakhale m'madzi. Zoterozo si zosunga m'nyumba yogona ana. Pemphani wogulitsa akujambulireni m'mphepete mwa filimuyo kuti muone mawu akuti SAFETY, osonyeza kuti si ya nitrate, ndipo chitini chikakufikani, chitsegulireni pakhonde n'kuchinunkhiza. Fungo la viniga limasonyeza kuti filimuyo yayamba kuvunda, idzakwinyika, ndiponso idzapatsira zinzake ngati muziika pamodzi.

Mtima wanga uli kwambiri pa African Mirror, nkhani za pakanema za ku South Africa zimene zinayamba mu 1913, chifukwa migodi ya ku Joni n'kumene agogo athu ankapita ndi Wenela. Mukapeza mpukutu wake wa 16mm, ngakhale wa mphindi zochepa, muusunge m'chipinda chozizira ndi chouma, kutali ndi malata a denga, ndipo muukoperetse pa kompyuta kutentha kwa mu Okutobala kusanafike.