Musamataye madzi onse a betta nthawi imodzi

Achemwali, pepani ndi nsombayo. Mwalemba kuti betta yanu ili m'kabotolo ka malita 3, ndipo Loweruka lililonse mumaichotsa n'kuiika m'kapu, madzi onse n'kutaya, botolo ndi timiyala n'kutsuka mpaka mbee, kenako mumathira madzi a pampopi n'kuibwezamo. Ulendo uno yangoti phee pansi, zipsepse yapinda, chakudya sikuchiyang'ana n'komwe, ndiye mukufunsa mankhwala oti mugule. Mankhwalawo ayambe adikira. Mmene ndikuonera ine, chaifooketsa ndi katsukidweko.

Tiyambe ndi madzi a pampopi. Amathiramo kolorini kuti aphe tizilombo, ife timwe osadwala. Koma nsomba imapumira m'madzi momwemo, ndipo kolorini amawotcha ziwalo zake zopumira zija zili m'mbali mwa mutu. Mudzamva ena akuti ingosiyani madzi m'ndowa, kolorini auluka yekha. N'zoona akakhala kolorini wamba, pakatha maola 24 kapena kupitirirapo amatha. Koma malo ambiri amathira chloramine, amene ndi kolorini wophatikiza ndi amoniya, ndipo ameneyu sauluka ngakhale ndowayo igone masiku angapo. Ndi maso simungawasiyanitse. N'chifukwa chake ine sindichita zongoganizira, ndimathira conditioner, mankhwala okonzera madzi a nsomba, nthawi zonse. Mitundu ilipo yambiri, Seachem Prime, Tetra AquaSafe ndi ina, ingowerengani pabotolo ngati alemba kuti amachotsa kolorini ndi chloramine yemwe. Muyezo wake ndi wochepa modabwitsa. Prime ndi mamililita 5 pa malita 200, ndiye ndowa ya malita 10 imangofuna timadontho. Thirani m'ndowamo, takasani, dikirani mphindi zingapo, madziwo apite kwa nsomba atakonzedwa kale.

Kutentha nakonso musakupepuse. Kwawo kwa betta ndi ku Thailand ndi maiko oyandikana nalo, m'madambo ndi m'minda ya mpunga momwe madzi ndi osaya, odekha, ofunda. Imakhala bwino pa madigiri 25 mpaka 27 a Celsius. Thupi lake limatsatira madzi, akazizira mwadzidzidzi nayo yazizira pompo. Madzi atsopano afanane ndi akale, kusiyana kusapitirire digiri imodzi kapena awiri. Pezani themomita, chala chimanama.

Tsono nkhani yaikulu ndi iyi, ndipo ineyo inanditengera nthawi kuti ndiimvetse. Nsomba imatulutsa amoniya usana ndi usiku, zitosi zake ndi chakudya chotsala zikamaola zimaonjezeranso wina. Amoniya ndi poizoni ngakhale achepe bwanji, ndipo alibe mtundu, madzi amatha kuoneka oyera ngati galasi nsomba ikupsa. Chimene chimaipulumutsa ndi mabakiteriya abwino. Ena amasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni, enanso amasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene nsomba imapirira akakhala wochepa. Mabakiteriyawa sakhala kwenikweni m'madzi ayi. Amamatirira pa timiyala, pagalasi, makamaka m'siponji ya fyuluta yosefera madzi, ndipo kuti achuluke mokwanira pamatenga milungu inayi kapena isanu ndi umodzi. Ndiye taonani zimene zimachitika Loweruka lija. Mukatsuka chilichonse ndi madzi a kolorini mwawapha onse, sabata iliyonse nsomba ikuyambiranso m'madzi opanda choiteteza. Kuterera kuja mumakupeza pa timiyala n'kumati ndi litsiro, mbali ina ndi antchito anu amenewo.

Ine ndinaphunzira mowawa. Ndinatsuka siponji ya fyuluta pampopi mpaka kuyera ngati yatsopano, ndikudziyamikira ndithu. Patapita masiku ochepa madzi anachita mbuu, nsomba ikupuma mothamanga, nditayeza ndinapeza nitrite atakwera. Kuyambira pamenepo siponji ndimangoifinya kawiri katatu m'madzi akale amene ndachotsa m'thanki, n'kuibwezera ikadali yofiirira.

Kasinthidwe kake n'kosavuta. Nsomba isiyeni momwemo, kuithamangitsa ndi kaukonde kumangoiopseza ndi kung'amba zipsepse zija. Ngati muli ndi hita yofunditsira madzi ndi fyuluta, zimitsani kaye, hita ikakhala pamtunda ili yoyaka imatha kusweka. Tengani kapaipi, mukoke madzi kuchokera pansi pakati pa timiyala pomwe zonyansa zimaunjikana, muchotse gawo limodzi mwa magawo anayi. Samalani kukamwa kwa paipiko, betta ndi yachidwi, imabwera kudzaona. Madzi okonzedwa aja muthire pang'onopang'ono, m'mbali mwa galasi kapena pa kambale, kuti isakankhidwe uku ndi uku. M'thanki ya malita 20 yokhala ndi fyuluta imene mabakiteriya aja achulukamo kale, kamodzi pa sabata n'kokwanira. M'kabotolo kanu ka malita 3 kopanda fyuluta amoniya amakwera msanga, muzichotsa gawo limodzi mwa atatu kapena theka pakatha masiku awiri alionse. Ndowa ndi paipi zikhale za nsomba yokha. Sopo asayandikire n'komwe, ngakhale wotsalira m'manja mwanu.

Kungoonjezera madzi pamene aphwa si kusintha. Madzi ndi amene amauluka, nitrate amatsala momwemo n'kumachuluka. Madzi otchezedwa, aja amati distilled, nawonso asakukopeni ndi kuyera kwake, alibe mchere wachilengedwe umene thupi la nsomba limafuna.

Za kabotoloko ndilankhule mosabisa: n'kakang'ono. Betta ili ndi chiwalo chotchedwa labyrinth chimene chimailola kumeza mpweya pamwamba pa madzi, n'chifukwa chake imapirira m'malo amene nsomba zina zikanafa kalekale, ndipo anthu amaganiza kuti ikusangalala. Chiwalocho chimathandiza pa mpweya pokha, amoniya amaiwotcha chimodzimodzi. Madzi ochepa amazizira msanga, amaipa msanga. Mukatha kupeza thanki ya malita 20, hita yaing'ono ndi fyuluta ya siponji yosathamangitsa madzi, ntchito yanu ichepa kwambiri. Pezaninso zoyezera madzi: amoniya akhale 0, nitrite 0, nitrate pansi pa 20 ppm (mamiligalamu 20 pa lita imodzi). Za pH, muyezo wa asidi m'madzi, musavutike nazo, paliponse pakati pa 6.5 ndi 7.5 ndi bwino, chofunika n'chakuti isamasinthesinthe.

Lero chitani izi. Ngati madzi ali m'botolowo sanathiridwe conditioner, donthezani tsopano molingana ndi malita onse atatu. Liikeni pamalo ofunda, opanda mphepo ndi dzuwa lowomba, muchepetse kuwala, chakudya muyambe mwaleka tsiku limodzi kapena awiri, betta siifa ndi njala ya masiku awiri. Mawa muchotseko gawo limodzi mwa atatu ndi kubwezeramo madzi okonzedwa, ofanana kutentha. Pakatha masiku atatu isanasinthe, kapena mukaona timadontho toyera ngati mchere pathupi, zipsepse zikudyeka m'mphepete, kapena mamba atatukuka, ijambuleni mutionetse, pamenepo ndiye tikambe za mankhwala.